Popanga sapulai yosinthika ya mavalavu, tiyambe ndi kutentha ndi malire a karenti

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi amisiri okonza mawailesi ndi zokuzira mawu, makamaka achinyamata amene ayamba kuchita chidwi ndi maampulifaya a mavalavu, mababu agalasi aja okuza mawu ndi magetsi. Zipangizo zimenezi zinkaoneka ngati zatha ntchito pamene mathiranzisita anafala m'zaka za m'ma 1960, koma oimba magitala sanazitaye, ndipo okonda kumvetsera nyimbo akuzifunabe, moti mavalavu monga EL34, EL84, 6L6 ndi 12AX7 akupangidwabe mpaka lero. Aliyense amene amakonza kapena kupanga ampulifaya yotere amafika poona kuti akufunika sapulai ya magetsi yomwe volteji yake (mphamvu yokankha magetsi) angathe kuikweza ndi kuitsitsa mmene akufunira. Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti zojambula zambiri za sapulai yotere zimene anthu amapatsana zimasamala kwambiri kuti volteji ikhale yosalala ndi yokhazikika, koma zimadumpha funso limene ine ndimaliona kuti ndilo loyamba: kodi chipangizochi chidzatani volteji ikatsitsidwa kwambiri karenti (mlingo wa magetsi odutsa) idakali yochuluka, nanga chidzatani mawaya awiri otulutsa magetsi akakhudzana?

Valavu siidya magetsi a mtundu umodzi. Pali hita imene imatenthetsa kathodi kuti itulutse maelekitironi, ndipo mavalavu ambiri amafuna 6.3 V pamenepa. EL84 imakoka 0.76 A, 6L6GC imakoka 0.9 A, EL34 imakoka 1.5 A, pamene 12AX7 imatha kulumikizidwa pa 6.3 V n'kukoka 300 mA kapena pa 12.6 V n'kukoka 150 mA. Pali volteji yaikulu ya pa anodi (chitsulo chokoka maelekitironiwo), imene amisiri amaitcha HT kapena B+, yomwe m'maampulifaya ambiri imakhala pakati pa 250 V ndi 500 V. Ndiyeno m'maampulifaya amene bias yake siichokera pa rezisita ya kathodi mumakhalanso volteji ya bias yapayokha, ya negativu, yopita ku giridi (kawaya ka pakati pa kathodi ndi anodi), imene ntchito yake ndi kuletsa valavu kumeza karenti yopitirira muyezo. Pa zitatuzi, zoyenera kusinthasintha ndi HT ndi bias. Ya hita iyenera kukhala pamene anaiika opanga valavuyo, osapatuka ndi zoposa 5 kapena 10 peresenti, chifukwa kathodi yozizira siitulutsa maelekitironi okwanira, ndipo yotentha mopitirira imatha msanga.

Apa ndi pamene njira imene ambiri amathamangira imalakwira. Amatenga Variac, thiransifoma yopotokola ija imene dzina lake linachokera ku kampani ya General Radio m'zaka za m'ma 1930, n'kuiika patsogolo pa ampulifaya yonse. Akapotokola, zonse zitatu zimatsika limodzi, hita yomwe, ndipo zimene mita ikuwerenga pa anodi sizikunenanso zoona za valavuyo, popeza kathodi yake sinatenthe mokwanira. Komanso Variac ili ndi koyilo imodzi yokha, kotero siimulekanitsa munthu ndi magetsi a pakhoma, ngakhale itatsitsidwa kufika pa mavolti ochepa. Siiletsanso karenti kupitirira, ndipo siigwira volteji pamalo amodzi magetsi a pakhoma akakwera kapena kutsika. Sindikunena kuti Variac ndi yopanda ntchito. Malo ake abwino ndi patsogolo pa thiransifoma ya HT yokha, hita ili ndi thiransifoma yakeyake, ndipo pamenepo imathandiza kwambiri pa vuto la kutentha limene ndilifotokoze pansipa.

Tisanafike pa kusintha volteji, tiwerengetsere magetsi amene tikuyamba nawo. Thiransifoma yotulutsa 300 V AC, ikadutsa m'madayodi n'kulowa m'kapasita, imapereka pafupifupi 424 V DC ngati palibe chikudya magetsiwo, chifukwa kapasita imadzaza mpaka pansonga pa funde, ndipo nsongayo ndi 300 kuchulukitsa ndi 1.414. Magetsi a pakhoma akakwera ndi 10 peresenti, nambalayo imapitirira 465 V, ndiye kapasita yolembedwa 450 V yakhala kale pa ngozi. Thiransifomayo ikakhala ya waya wapakati, ya 300-0-300, dayodi iliyonse imapirira volteji yobwerera yowirikiza kawiri, pafupifupi 850 V, ndipo dayodi ya 1N4007 imene malire ake ndi 1000 V imatsala ndi mpata wochepa, n'chifukwa chake amisiri osamala amalumikiza awiri motsatizana mbali iliyonse. Amene akufuna kugwiritsa ntchito valavu monga GZ34 m'malo mwa madayodi akumbukire kuti opanga ake salola kapasita yoyamba yoposa 60 µF, ngakhale kuti valavuyi ili ndi ubwino wakuti HT imakwera pang'onopang'ono pamene kathodi yake ikutentha. Pomaliza pali kugwedezeka kumene kumatsalira pa DC. Kumene magetsi ali a 50 Hz, kapasita imadzazidwa ka 100 pa sekondi, ndipo ya 100 µF yopereka 100 mA imatsika ndi pafupifupi 10 V isanadzazidwenso. Chowongolera volteji chiyenera kukhala ndi mpata woposa pamenepo, apo ayi phokoso long'ung'udza lija limatulukira pa sipika.

Tsopano nkhani yeniyeni. Njira yodziwika yosinthira HT ndi kuika chipangizo china panjira pakati pa kapasita ndi potulukira magetsi, kaya ndi valavu, thiranzisita wamba kapena ya mtundu wa MOSFET, kuti chizimeza volteji imene sitikuifuna. Volteji yomezedwayo siizimiririka. Imasanduka kutentha, ndipo kutenthako ndi volteji yomezedwa kuchulukitsa ndi karenti yodutsa. Tiyerekeze kuti pa kapasita pali 420 V ndipo tikufuna 350 V pa 100 mA. Chipangizocho chikumeza 70 V, ndiye chikutentha ndi 7 W, zomwe kachitsulo kozizitsira kochepa kangathe. Tikapotokola kufika pa 50 V karenti ili yomweyo, chikumeza 370 V, ndipo kutentha kwafika pa 37 W. Mawaya akakhudzana, volteji yonse ya 420 V imagwera pa chipangizocho, ndipo ngati palibe choletsa karenti, palibenso nambala yoti tiwerengetsere, chifukwa chimapsa nthawi yomweyo. Munthu amene sanazolowere amaganiza kuti kutsitsa volteji ndiko kupumitsa sapulai, pamene m'menemo ndi mmene ikuvutikira kwambiri, monga mabuleki a galimoto yolemera amene amatentha kwambiri pamene ikutsika phiri pang'onopang'ono. Wopanga sapulai ayenera kuyamba ndi nambala yoipitsitsayi, n'kusankha zina zonse potsatira iyo.

Amisiri akale ankalidziwa vutoli ndipo ankalithetsa ndi mavalavu omwewo. Sapulai ya Heathkit IP-17, imene anthu ambiri anaigwiritsa ntchito pa matebulo okonzera zinthu, inkapereka kuyambira 0 mpaka 400 V pa 100 mA, bias yofika pa -100 V, ndi magetsi a hita a 6.3 V ndi 12.6 V osasintha, ndipo panjira ya HT panali mavalavu awiri a 6L6GC, amene iliyonse imapirira 30 W pa anodi. Ena ankagwiritsa ntchito 6080 kapena 6AS7G, mavalavu amene anapangidwira ntchito imeneyi. Ubwino wa valavu pamalo amenewa ndi wakuti imapirira ndipo imachenjeza. Ikalemedwa, chitsulo chotuwa cha anodi chimayamba kufiira chapakati, kufiirako n'kumafalikira m'mbali, ndipo munthu amene akuyang'ana amakhala ndi masekondi angapo oti azimitse. Koma ili ndi zovuta zake. Kathodi ya valavu yoteroyo imakhala pa volteji yotuluka, mwina 400 V, pamene 6L6GC siiloledwa kukhala ndi kusiyana koposa 200 V pakati pa hita ndi kathodi, kotero imafuna koyilo ya hita yakeyake yosalumikizidwa ndi mavalavu ena. Imafunanso mavolti ochuluka ndithu oti imeze kuti igwire ntchito, ndiye thiransifoma imayenera kukhala yaikulupo.

Masiku ano ambiri amasankha MOSFET, ndipo sindiwatsutsa, chifukwa seketi yake ndi yaifupi: potentiometer (rezisita yopotokola) imagawa volteji n'kuipereka ku gate (mwendo wolamulira MOSFET), ndipo source (mwendo wotulutsa magetsi) imatsatira gate ikutsalira ndi mavolti atatu kapena anayi okha. Chimene ndikupempha n'chakuti pepala la opanga liwerengedwe mpaka kumapeto. MOSFET ya IRF840, imene imapezeka m'zojambula zambiri, yalembedwa 500 V, 8 A ndi 125 W, ndipo munthu akaona nambala zimenezi amaganiza kuti 100 mA ndi nkhani yaing'ono. Koma 125 W imeneyo ndi ya pamene thupi la MOSFET lili pa 25 °C, zomwe sizichitika m'bokosi lotseka. Mkati mwake simuyenera kupitirira 150 °C, ndipo pa wati iliyonse mkatimo mumatentha digiri imodzi kuposa thupi lake. Pa 40 W, tikaphatikiza kutentha kotsalira pa chotchinga cha mica (kapepala koletsa magetsi koikidwa pakati pa MOSFET ndi chozizitsira) ndi kwa mpweya wa m'bokosi, timapeza kuti pakufunika chitsulo chozizitsira chosakwera ndi digiri yathunthu pa wati iliyonse, ndipo chimenecho ndi chitsulo chachikulu, mwinanso chofuna fani. Kuwonjezera apo, ma MOSFET ambiri amakono anapangidwira kuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira. Akakhala otseguka pang'ono kwa nthawi yaitali volteji yaikulu ili pamwamba pawo, karenti imatha kuunjikana pa kachigawo kamodzi ka silikoni, kachigawoko n'kutentha n'kukokanso karenti yambiri mpaka kupsa, ngakhale mawati onse ali pansi pa malire olembedwa. N'chifukwa chake chithunzi cha Safe Operating Area, chosonyeza volteji ndi karenti zimene MOSFET ingapirire nthawi imodzi, makamaka mzere wa DC, ndi chofunika kuposa nambala zazikulu za patsamba loyamba. Ndipo MOSFET ikafa siichenjeza, komanso kawirikawiri imafa italumikiza drain (mwendo wolowera magetsi) ndi source, kutanthauza kuti amene anaika sapulai pa 50 V amalandira 420 V yonse pa mawaya ake mosayembekezera.

Pali tizinthu ting'onoting'ono timene sitiyenera kusowa pa seketi imeneyi. Pakati pa gate ndi source pakhale dayodi yoletsa volteji kupitirira, ya zener, ya 12 V kapena 15 V, popeza malire a pamenepo ndi 20 V, ndipo pamwendo penipeni pa gate pawotchereredwe rezisita ya maohmu mazana angapo kuti MOSFET isayambe kunjenjemera yokha pa mafunde okwera. Chitsulo chakumbuyo kwa MOSFET, chija chimene chimamangidwa ndi bawuti pa chozizitsira, ndi drain, ndipo chili pa HT yonse. Chikamangidwa popanda chotchinga, chozizitsira chonse chimakhala pa 420 V, pamalo pamene dzanja limakonda kupita kukamva ngati kwatentha. Malire a 500 V nawonso ndi oyandikira kwambiri 465 V ija tinaipeza magetsi a pakhoma atakwera, ndiye ndi bwino kusankha MOSFET ya 800 V kapena 900 V.

Choletsa karenti n'chosavuta kupanga moti ndimadabwa kuona chikusiyidwa. Rezisita yaing'ono imaikidwa pambuyo pa source, ndipo thiranzisita wamba imalumikizidwa kuti iziona volteji ya pa rezisitayo. Voltejiyo ikafika pafupifupi 0.6 V, thiranzisita imayatsa n'kukokera gate pansi, karenti n'kuima pamenepo. Rezisita ya 5.6 Ω imaletsa pafupi ndi 107 mA, ya 6.8 Ω pafupi ndi 88 mA, ndipo ndi swichi yosankhira marezisita angapo munthu amatha kukhala ndi malire a 10 mA, 50 mA ndi 100 mA. Malire aang'onowo ndi amene amapulumutsa zinthu poyatsa koyamba ampulifaya imene yakhala zaka zambiri osagwira ntchito, chifukwa makapasita ake akale amafuna kudzazidwa pang'onopang'ono kuti kansalu ka okusaidi ka mkati mwawo kabwerere. Tizindikire kuti choletsachi sichilamulira kapasita iliyonse imene ili pambuyo pake, kumbali yotulukira magetsi. Kapasita yaikulu ikaikidwa pamenepo pofuna kusalaza volteji, imakhuthula zonse zimene yasunga pa shoti choletsa chisanachite kanthu. Kusalaza kuchitikire pa gate, pamene kapasita yaing'ono imakwanira, ndipo ya potulukira ikhale yochepa. Tizindikirenso kuti choletsa karenti chimachepetsa ngozi koma sichichotsa kutentha, pakuti pa shoti MOSFET ikumezabe 42 W kwa nthawi yonse imene mawayawo akhudzana. Apa ndi pamene Variac ya patsogolo pa thiransifoma ya HT, kapena thiransifoma ya mawaya angapo osankhidwa ndi swichi, imasonyeza phindu lake, chifukwa imatsitsa volteji yolowa kuti MOSFET izimeza mavolti makumi ochepa okha.

Amene akufuna volteji yokhazikika kwenikweni amatembenukira ku seketi ya Maida, imene Michael Maida anaifotokoza mu 1980 m'kapepala ka National Semiconductor kotchedwa LB-47. Nzeru yake ndi yakuti LM317, chipu yowongolera volteji imene singapirire kusiyana koposa 40 V pakati pa polowera ndi potulukira, siiona nthaka ya seketi ayi. Imangosunga 1.25 V pakati pa miyendo yake iwiri, ndiye ikhoza kuyandama pamwamba pa mazana a mavolti malinga thiranzisita ina ili patsogolo pake kumeza volteji yotsalayo. Seketiyi imagwira bwino, koma poifuna kuti ikhale yosinthika pamabuka vuto lakuti rezisita yosinthira imadutsa mamiliampu angapo nthawi zonse, ndipo 5 mA pa 350 V ndi 1.75 W, zomwe potentiometer wamba singapirire. Kwa ine, pa ntchito yoyesera maampulifaya, kukhazikika kotereku n'kosafunika kwenikweni, pakuti valavu siisintha khalidwe chifukwa cha mavolti awiri kapena atatu pa 300. Nthawi ndi zipangizo zimene zingathere pamenepo ndi bwino kuzithera pa chozizitsira ndi choletsa karenti.

Potentiometer iyenera kuganiziridwa payokha, chifukwa imakhulana ndi kutha, ndipo tsiku lina kamwendo kake kapakati kadzasiya kukhudza. Funso ndi lakuti zikadzatero, volteji idzapita kuti? Pa HT, pakhale rezisita yaikulu yokokera gate ku nthaka kuti volteji igwe. Pa bias zikhale mosiyana, kamwendoko kakasiya kukhudza, giridi ipite ku negativu yaikulu kuti valavu itseke. Bias ikasowa HT ilipo, valavu imameza karenti yonse imene sapulai ingapereke, anodi n'kufiira, ndipo nthawi zina thiransifoma ya ku sipika imapsera limodzi. Pa chifukwa chomwechi, bias iyenera kuyamba kufika HT isanayatsidwe, ndipo swichi yozimitsa HT isazimitse bias. Chimodzimodzinso sikirini giridi, giridi yachiwiri ya mavalavu monga EL34, isalandire volteji anodi ilibe, popeza maelekitironi onse amathamangira ku tiwaya take topyapyala n'kutiotcha. Poyesa bias, rezisita ya 1 Ω pa kathodi imathandiza, chifukwa milivolti iliyonse pa mita ndi miliampu imodzi. EL34 imaloledwa 25 W pa anodi, ndipo amisiri ambiri amaiika pafupi ndi 70 peresenti ya pamenepo ikakhala chete, kutanthauza 17.5 W, kapena pafupifupi 39 mA pa 450 V, kukumbukira kuti mita ya pa kathodi ikuwerenganso mamiliampu angapo a sikirini.

Zonsezi zikukhudzanso amene amaika chosinthira HT mkati mwa ampulifaya ya gitala pofuna kuti mavalavu afike pa malire awo phokoso lisanakule. Volteji ikatsika ndi theka, mphamvu yopita ku sipika imatsika kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ampulifaya ya bias ya pa kathodi imadziwongola yokha pamlingo waukulu, koma ya bias ya negativu imafuna kuti bias izitsika limodzi ndi HT, apo ayi mavalavu amatsekeka ndipo mawu amatuluka okhadzula.

Kapasita ya 100 µF yodzaza pa 420 V imasunga pafupifupi majoulo 9, ndipo imawasunga ngakhale pulagi itazulidwa. Amene anaonapo nsonga ya sikuludiraiva itadyeka pokhudza miyendo ya kapasita yotere, ndi kuthetheka kwake komveka chipinda chonse, safuna kuuzidwa kawiri, ngakhale kuti kukhuthula kapasita mwanjira imeneyo n'kuiwononga. Marezisita okhuthula awotchereredwe pa kapasita penipeni. Awiri a 100 kΩ olumikizidwa motsatizana amagawana volteji, zomwe zimafunika chifukwa rezisita yaing'ono imodzi nthawi zambiri siiloledwa mavolti oposa 250 kapena 350, ndipo onse pamodzi amatentha ndi pafupifupi 0.9 W. Ndi marezisita amenewa, pakatha masekondi 20 pamakhala padakali pafupifupi 155 V, ndipo pamafunika mphindi yathunthu kuti itsike kufika pafupi ndi 20 V, kotero mita ndiyo iyenera kunena kuti dzanja lilowe. Chotetezera cha RCD cha 30 mA, chimene chimadula magetsi akadontha kupita ku nthaka, sichiona nyesi imene yamugwira munthu pakati pa mawaya awiri a mbali yachiwiri ya thiransifoma, ndipo fyuzi wamba yagalasi yolembedwa 250 V AC siidalirika podula DC ya 400 V, chifukwa moto wa magetsi umatha kupitiriza kudumpha mkati mwake kawaya katasungunuka kale. Bokosi lachitsulo lilumikizidwe ku ethi, ndipo mabowo otulutsira HT akhale a mtundu wobisa chitsulo kuti chala chisafikepo.

Sapulai ikamalizidwa, iyesedwe yokha valavu iliyonse isanalumikizidwe. Poyatsa koyamba, babu la kawaya kotentha liikidwe panjira ya magetsi olowa. Likawala mwamphamvu kwa kanthawi n'kuzirala, makapasita adzaza bwino, koma likapitiriza kuwala pali shoti penapake. Kenako palumikizidwe marezisita akuluakulu oti adye karenti yonse imene sapulai inapangidwira, volteji itsitsidwe kufika pansi, ndipo chozizitsira chiyezedwe ndi choyezera kutentha kwa theka la ola. Pamapeto pake, magetsi ali chizimitsire ndipo makapasita atakhuthulidwa, potulukira palumikizidwe mita ya karenti yokha, malire aikidwe pa 10 mA, sapulai iyatsidwe, ndipo malirewo akwezedwe sitepe ndi sitepe mpaka pa 100 mA, kuona ngati mita ikuima pamene tinawerengetsera.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda ntchito za mawailesi